Kodi Ndalama Ndi Mawu? Mbiri ya Malire a Ndalama za Kampeni ku Britain ndi ku America

 Lero tikamba mbiri, ndipo funso lake ndi ili: boma likakuuzani kuti pa nthawi ya kampeni musagwiritse ntchito ndalama zopitirira zakutizakuti, kodi likuteteza chisankho, kapena likukutsekani pakamwa? Musathamangire kuyankha. Oweruza akuluakulu akhala akukangana pa funso limeneli kwa zaka pafupifupi 50, ndipo milandu ingapo inagamulidwa ndi kusiyana kwa voti imodzi yokha.

Tiyambire ku Britain. M'zaka za m'ma 1800, chisankho kumeneko chinali ngati tsiku la msika. Wopikisana ankalipiriratu mowa kuti ovota amwe ulere, ankalemba anthu ganyu yopanda ntchito, ankalipira ngolo zowanyamula kupita kokavota. Mu 1872 anabweretsa voti yachinsinsi, poganiza kuti munthu sangagule chinthu chimene sangachione. Ovota ena ochenjera anangoyamba kudya mbali zonse ziwiri. Chisankho cha 1880 chitatha, ofufuza a boma anapeza ziphuphu zoopsa m'matauni ngati Sandwich ndi Macclesfield. Ndiye mu 1883 boma la William Gladstone linakhazikitsa lamulo loika malire a ndalama zimene wopikisana aliyense angagwiritse ntchito, potengera chiwerengero cha ovota m'dera lake. Ndalama zonse zinayenera kudutsa m'manja mwa munthu mmodzi wodziwika, nkulembedwa, ndipo wophwanya lamulo ankatha kulandidwa mpando. Lamuloli linagwira ntchito. Zisankho zotsatira zinatsika mtengo kwambiri.

Amene mumatsatira za kumudzi mwamva kafungo kodziwika. Lamulo la zipani la 2018 ku Malawi, limene linaletsa kugawa ndalama ndi mphatso pokopa mavoti, likulimbana ndi nthenda yomweyo, patadutsa zaka 135.

Koma gwirani mfundo iyi, chifukwa tiyenda nayo. Mu 1883 mkangano waukulu sunali wa ufulu wolankhula. Ndalamazo zinkagula mowa ndi mavoti, ndipo palibe amene anganene mopanda manyazi kuti mbiya ya mowa ndi maganizo ake pa ndale. Nkhani imavuta pamene ndalama zayamba kugula tsamba la nyuzipepala, mphindi za pawailesi, nthawi ya pakanema. Pamenepo ukachepetsa ndalama, wachepetsanso uthenga.

Ku America anayamba ndi mbali ina, ya opereka. Pa chisankho cha 1896, mpondamatiki wina dzina lake Mark Hanna anayenda m'mabanki ndi m'makampani kutolera ndalama za William McKinley ngati akutolera msonkho. Anthu anaipidwa nazo, ndipo mu 1907 kunabwera lamulo loletsa makampani kupereka ndalama kwa opikisana pa mipando ya boma lalikulu. Limatchedwa ndi dzina la seneta Ben Tillman wa ku South Carolina, munthu amene ankaikira kumbuyo poyera kupha anthu akuda mwachinyengo ndi kuwaletsa kuvota. Ndangoti muzidziwe. Si aliyense wobwera ndi tsache amene ali ndi manja oyera. Malamulo ena anatsatirapo, koma anali ngati mpanda wa udzu wopanda mwini. Aliyense ankadziwa pobowoka.

Kenako kunabwera Watergate. Mu June 1972 amuna asanu anagwidwa atathyola maofesi a chipani cha Democratic ku Washington. Chimene chinalumikiza akubawo ndi kampeni ya Pulezidenti Richard Nixon ndi ndalama: cheke cha madola 25,000 chimene chinaperekedwa kuti chithandize kampeni chinapezeka mu akaunti ya mmodzi mwa iwo. Ofufuza atakoka ulusi umenewo, kunatuluka zambiri: ndalama zonyamula m'zikwama, makampani opereka mozembera lamulo, munthu mmodzi, W. Clement Stone, atapereka yekha pafupifupi madola 2 miliyoni. Nixon anatula pansi udindo mu August 1974, ndipo patangopita miyezi iwiri, Nyumba ya Malamulo inali itamanga lamulo lolimba kuposa ena onse akale.

Tamverani manambala ake. Munthu sankaloledwa kupatsa wopikisana mmodzi madola opitirira 1,000 pa chisankho chimodzi. Wofuna uphungu sankaloledwa kugwiritsa ntchito madola opitirira 70,000. Wopikisana wolemera anamuikiranso malire pa ndalama za m'thumba mwake. Ndipo munthu wamba, wosagwirizana ndi kampeni iliyonse, wofuna kungouza dziko kuti uje ndi wabwino kapena uje ndi woipa, anamulola madola 1,000 basi pachaka.

Amene anathamangira kukhoti si amene mungawaganizire. Inde, panali seneta James Buckley wa ku New York, wa mfundo zosunga zakale. Koma pambali pake panali Eugene McCarthy, munthu amene mu 1968 anaima kutsutsana ndi pulezidenti wa chipani chake chomwe, Lyndon Johnson, chifukwa cha nkhondo ya ku Vietnam. McCarthy anapeza mavoti 42 pa 100 alionse ku New Hampshire, ndipo mwezi womwewo Johnson analengeza kuti saimanso. Kampeni imeneyo inadzuka msanga chifukwa anthu ochepa olemera, monga Stewart Mott, anaikamo ndalama zambiri nthawi imodzi. Mfundo ya McCarthy inali yoti lamulo latsopanoli likanakhalapo mu 1968, iye sakanafika patali. Amene ali kale pampando ali ndi dzina, atolankhani amamutsata tsiku ndi tsiku, ndipo ndi iyeyo amene amalemba lamulo la malire. Paja khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Omenyera ufulu wa anthu anali ndi chitsanzo china chaposachedwa. Mu May 1972 kagulu ka anthu kanagula malo mu nyuzipepala ya New York Times kupempha kuti Nixon achotsedwe pampando chifukwa cha nkhondo. Boma linakasumira kaguluko, ati kaphwanya malamulo a ndalama za kampeni. Khoti linakana, koma anthu anaona okha: lamulo lopangidwa kuti ligwire katangale, boma linalitenga nkulozetsa kwa olidzudzula.

Mlanduwo umatchedwa Buckley v. Valeo, ndipo khoti la Suprimu linaugamula pa 30 January 1976. Oweruza anatenga mpeni nkudula lamulolo pakati. Anati kupereka ndalama kwa wopikisana ndi kwina, kugwiritsa ntchito ndalama pofalitsa uthenga ndi kwinanso. Pa kupereka, malire akhalepo, chifukwa wopereka zambiri amayembekezera kubwezeredwa. Ife timati kupatsa nkuika. Koma pa kugwiritsa ntchito, anati ayi. Malamulo oyendetsera dziko la America, pa gawo lotchedwa First Amendment la mu 1791, amaletsa Nyumba ya Malamulo kuchepetsa ufulu wolankhula, ndipo masiku ano, oweruzawo anatero, ngakhale kapepala kogawa pamsewu kamafuna ndalama yosindikizira. Anapereka fanizo la galimoto: kuuza munthu kuti lankhula mmene ungathere koma usapitirire ndalama izi, kuli ngati kumuuza kuti yenda kulikonse kumene ukufuna, koma mafuta ndi thanki imodzi yokha. Anaonetsanso kuti tsamba limodzi la malonda m'nyuzipepala ina ya mumzinda waukulu linali pafupifupi madola 7,000. Ndiye kuti ndi malire a madola 1,000 aja, munthu akanapalamula mlandu pogula ngakhale kagawo ka tsambalo.

Apa, kunena zoona, anali ndi mfundo. Koma anapitirira. Anakananso ganizo loti boma lingachepetse mawu a ena pofuna kuti mawu a ena amveke. Anati zimenezo nzachilendo m'malamulo a America. Chiganizo chimenechi ndi chimene chinasiyanitsa America ndi mayiko ambiri a demokalase, ndipo zonse zimene zinatsatira zinamera pamenepa. Woweruza Byron White, amene anathandizapo kuyendetsa kampeni ya John Kennedy mu 1960 ndipo ankadziwa mmene ndalama zimayendera m'ndale, anatsutsa. Thurgood Marshall, woweruza woyamba wakuda m'khotilo, anatsutsa pa mbali ya ndalama za m'thumba: iye anaona kuti ukamanga manja opereka koma nkumasula wopikisana wolemera, wapatsa olemera poyambira pafupi.

Tangoganizani chimene chinatsala. Mtsuko ulibe pothera, koma uloledwa kutunga ndi kapu yaing'ono. Zotsatira zake, phungu wa ku America amakhala maola ambiri pafoni kupempha ndalama, pamene bilionea amangotsegula chikwama. Ross Perot anatero mu 1992 nkupeza mavoti pafupifupi 19 pa 100 alionse. Michael Bloomberg anamwaza pafupifupi madola 1 biliyoni mu 2020, ngakhale iyeyo anangopambana ku American Samoa kokha. Ndiye tisanamizane kuti ndalama zimagula chisankho nthawi zonse. Chimene zimagula ndi mwayi woti dziko lonse likumvere, pamene mnzako akukuwa kuseri kwa chitseko.

Panalinso chibowo china. Khoti linati malamulowa akhudze uthenga wokhawo wonena mosabisa kuti “voterani uje” kapena “mugwetseni uje.” Akatswiri a kampeni anangoseka. Anayamba kuulutsa mauthenga onyoza wopikisana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, nkumaliza ndi mawu oti “muimbireni foni mumuuze maganizo anu.” Palibe mawu oti voti, ndiye palibe mlandu. Mu 2002 maseneta John McCain ndi Russ Feingold anatseka chibowocho: makampani ndi mabungwe a apantchito asalipire kuchokera m'thumba lawo lalikulu uthenga wa pawailesi kapena pakanema wotchula wopikisana, kukatsala masiku 30 kuti chisankho cha chipulula chichitike, kapena masiku 60 kuti chichitike chisankho chachikulu. Khoti la Suprimu linavomereza mu 2003, oweruza asanu kwa anayi. Mu 2006 mmodzi mwa asanuwo, Sandra Day O'Connor, anapuma, ndipo m'malo mwake munalowa Samuel Alito. Lamulo silinasinthe, koma masamu anasintha.

Tsopano tafika pa dzina limene ambiri munalimvapo, Citizens United. Limeneli ndi bungwe losapanga phindu, koma lolembetsedwa ngati kampani. Linapanga filimu yonyoza Hillary Clinton ndipo linkafuna kuionetsa pakanema wolipira mu 2008, nthawi ya zipulula. Lamulo la 2002 linaima panjira. Mlandu utafika ku Suprimu mu March 2009, oweruza anafunsa loya wa boma, Malcolm Stewart: nanga likanakhala buku? Kodi boma lingaletse kampani kusindikiza buku limene kumapeto kwake likunena kuti voterani uje? Loyayo anayankha mokhulupirika kuti, potsata mfundo ya boma, inde, lingaletse kampaniyo kulipira bukulo ndi ndalama za m'thumba lake lalikulu. Mlandu unatembenukira pomwepo. Kuletsa buku, ku America! Amene makolo anu anakhala m'Malawi chisanafike chaka cha 1993, kafunseni za bungwe lounika mabuku ndi mafilimu la nthawi imeneyo, mudzamvetsa chifukwa chake yankho lotere limazizilitsa nkhongono.

Pa 21 January 2010, oweruza asanu kwa anayi anagamula kuti makampani ndi mabungwe a apantchito angagwiritse ntchito ndalama zopanda malire pa mauthenga a ndale, bola asakhale upo ndi wopikisanayo. Woweruza Anthony Kennedy analemba kuti ndalama zogwiritsidwa ntchito mwa payekha chonchi sizibweretsa katangale. John Paul Stevens, ali ndi zaka 89, analemba masamba pafupifupi 90 otsutsa, nkukumbutsa anzake kuti kampani sivota ndipo siima pa chisankho. Patangopita miyezi iwiri, khoti lina la apilo ku Washington linatenga mfundo ya Kennedy nkuifikitsa kumapeto kwake: ngati ndalama zoterezi sizibweretsa katangale, ndiye palibenso chifukwa choikira malire opereka ku magulu amene amazigwiritsa ntchito. Umu ndi mmene anabadwira magulu otchedwa super PAC. Pa chisankho cha 2024, Elon Musk yekha anaika madola opitirira 250 miliyoni pothandiza Donald Trump ndi chipani chake.

Ine pano ndiye ndimakanika kumeza. Chigamulo chonse chaima pa mawu amodzi, oti “payekha.” Koma magulu ambiri oterewa amayendetsedwa ndi anthu amene dzulo lomweli anali alangizi a wopikisanayo. Ndipo wandale amene wathandizidwa ndi mamiliyoni mazana awiri, eti sakudziwa amene wamuthandiza chifukwa choti cheke sichinadutse mu ofesi yake? Malire a madola 1,000 analidi chotsekera pakamwa. Koma kuchoka pa “malire awa ndi ochepa” kufika pa “malire alionse ndi oletsedwa” pali mtunda wautali, ndipo khoti linaudumpha ngati ngalande.

Nanga ku Britain kuja zinatha bwanji? Nako lamulo linaluma munthu wamba. Pa chisankho cha 1992, mayi Phyllis Bowman, mtsogoleri wa bungwe lotsutsa kuchotsa mimba, anakonza zogawa timapepala 25,000 ku Halifax tofotokoza maganizo a opikisana a m'deralo pa nkhaniyo. Kaya mumagwirizana nawo kaya ayi, mverani nambala iyi: lamulo linkalola munthu amene si wopikisana kugwiritsa ntchito mapaundi 5 okha pofuna kuthandiza kapena kugwetsa wopikisana. Mapaundi asanu! Anawazenga mlandu, ndipo unatha chifukwa choti samani inachedwa. Mayiwo sanagonje, anakadandaula ku khoti la ufulu wa anthu la ku Ulaya, ku Strasbourg. Mu February 1998 khotilo linati ufulu wawo wolankhula unaphwanyidwa. Koma silinanene ngati a ku America kuti malire onse achoke. Linavomereza kuti kufuna kuti opikisana ayambire pamzere umodzi ndi cholinga choyenera. Vuto linali loti mapaundi 5 anali ngati kuletseratu. Britain inakweza malirewo kufika pa mapaundi 500, ndipo mu 2000 inaika koyamba malire a ndalama zimene chipani chingagwiritse ntchito m'dziko lonse: mapaundi 30,000 pa dera lililonse limene chikupikisana. Mu 2023 anakweza kufika pa 54,010.

Chinanso chimene ambiri okhala ku Britain simunachizindikire mwina: simunaonepo pakanema wa kumeneko chipani chitagula nthawi yotsatsira malonda. Nzoletsedwa. Zipani zimapatsidwa mphindi zaulere, basi. Bungwe lina loteteza nyama, Animal Defenders International, litakanizidwa kuulutsa uthenga wake wonena za anyani osungidwa m'makola, linakafika nalo ku Strasbourg. Mu 2013 linagonja, oweruza 9 kwa 8. Mwaonanso, voti imodzi.

Musaganize kuti ku Britain zonse zili bwino. Kumeneko kulibe malire pa ndalama zimene munthu mmodzi angapatse chipani. Mu 1997 Bernie Ecclestone wa mpikisano wa magalimoto wa Formula One anapatsa chipani cha Labour mapaundi 1 miliyoni, ndipo boma latsopano litafuna kuti mpikisanowo usakhudzidwe ndi chiletso cha malonda a fodya, phokoso linakula mpaka ndalamazo zinabwezedwa. Pa referendamu ya Brexit mu 2016, gulu la Vote Leave linali ndi malire a mapaundi 7 miliyoni. Bungwe loyang'anira zisankho linapeza kuti linapitirira, podutsitsa ndalama ku kagulu kena, ndipo mu 2018 linalilipiritsa mapaundi 61,000. Patadutsa zaka ziwiri, voti itawerengedwa kalekale. Chindapusa chotere wolemera amachiika kale mu bajeti. Komanso mabungwe achifundo akhala akudandaula ndi lamulo la 2014 loika malire pa magulu amene si zipani, ati ambiri amangosankha kukhala chete chaka cha chisankho poopa kulakwitsa mafomu. Wamkulu ali ndi maloya, wamng'ono ali ndi mantha.

Tsopano inuyo muli pati? Ngati muli ku Britain, ndinu nzika ya dziko la Commonwealth ngati Malawi kapena Zambia, ndipo muli ndi chilolezo chokhala m'dzikomo, mungalembetse m'kaundula wa ovota, kuvota pa chisankho cha aphungu, ngakhale kupereka ndalama ku chipani. Ku America nkosiyana. Amene muli ndi green card mungapereke ndalama ku kampeni ngakhale simungavote. Koma amene muli pa viza ya sukulu kapena ya ntchito, musayerekeze kupereka ngakhale dola imodzi, ndi mlandu. Kudzipereka kugwira ntchito ya kampeni popanda malipiro ndiye kololedwa.

Alipo amene anayesa kutsutsa chiletso chimenechi. Benjamin Bluman, mnyamata wa ku Canada amene ankagwira ntchito ya uloya ku New York movomerezeka, ankafuna kupereka kangachepe kwa opikisana ena, komanso kusindikiza timapepala tothandiza Barack Obama nkukagawa ku Central Park. Mfundo yake inali yosavuta: Citizens United yangonena kumene kuti boma lisasankhe woyenera kulankhula potengera kuti iyeyo ndi ndani, ndiye ngati kampani ikuloledwa, bwanji ine, munthu wopuma, wolipira msonkho mumzinda uno? Mu 2011 khoti la oweruza atatu linamukanira, ati dziko lili ndi ufulu wosungira nzika zake zokha ntchito yodzilamulira. Amene analemba chigamulocho ndi Brett Kavanaugh, amene pano ali m'khoti la Suprimu. Bluman anachita apilo, ndipo mu January 2012 khoti lomwe lija limene linamasula makampani linavomereza chiletsocho ndi chiganizo chimodzi chokha, osamuitana nkomwe kuti adzafotokoze mbali yake.